Sipika ya a Kayuni Sinang'ambike

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa njinga yamoto. Wakabaza amene anandinyamula pa Chitipa Boma ataona gitala kumsana kwanga anandiuza kuti a Kayuni, obwereketsa zida zoimbira pa maukwati ndi maphwando, akufuna woimba gitala. Mawa lake ndinayamba. Kunena zoona, kuimba kunali kochepa, kunyamula masipika ndiye kunali kwambiri.

A Kayuni anali ndi ampu imodzi yokha, chokuzira mawu a gitala, ndipo ankaisamala kuposa ana awo. Lamulo lawo linali loti mawu azituluka oyera ngati a kwaya.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa imigireshoni amene ankapuma pa ntchito. Anati pa phwando lotsanzikana akufuna nyimbo zakale za roko zimene ankamvera ali mnyamata, za gitala yolusa ija. A Kayuni anavomera msangamsanga osafunsa kuti roko n'chiyani, n'kundiuza kuti ndikonzeke.

Ndinakonzekadi. Iwo akatuluka masana, ine ndinkatsala ndi ampu m'chipinda chosungira zida. Geni, kabatani kamene kamachititsa mawu kukhakhala, ndinaiika pa sikisi, chifukwa ukapitirira apo manotsi amasanduka phala. Midi, ya mawu apakatikati, ndinaikweza pa seveni, poti mnofu wa roko uli pamenepo. Besi pa folo kuti isakwirire ng'oma, tirebo, ya mawu oonda, pa faifi. Pikapu, yotola mawu a nsambo, ndinasankha ya kumunsi kwa gitala, yomwe imaluma. Pedo ya ovadiraivu, yowonjezera ukali wa mawu, yobwereka kwa mnzanga wa ku Kaseye, ndinkaiponda pa solo pokha, ndi dileyi, yobwereza mawu, pang'ono chabe. Zala zinatupa, koma mawu aja ndinawapeza.

Phwando linali Loweruka masana. Nditangomenya makodi oyamba, mwini phwando anaimirira, nkhope yonse mano okhaokha. Sindinamalize ngakhale vesi imodzi. A Kayuni anachoka pa mikisa, powongolera mawu, akuthamanga n'kuzula pulagi.

"Iwe, wananga sipika yane!" anatero, maikolofoni ili m'manja, yosazimitsa.

Ndinayesa kuwauza kuti adada, mawuwa ndi amene kasitomala waitanitsa. Mwini phwando naye anawauza zomwezo. Iwo ayi, akuti akalambira pa zida ndipo kulira kwa sipika yong'ambika akukudziwa. Anandilanda chingwe n'kuika nyimbo za mu fulashi. Ndinakhala pa benchi gitala ili pamiyendo, anthu akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Sipikayo inalibe vuto, mawa lake lomwelo inaimba ku tchalitchi bwinobwino. Koma a Kayuni sanandiitane, sanapepese. Anamata kabatani ka geni ndi guluu pa thuu, ine n'kundichotsa ntchito. Choipitsitsa n'choti Chitipa ndi yaing'ono. Zimene ananena pa maikolofoni zinafika ku Misuku ine ndisanafike kunyumba. Kwa nthawi yaitali palibe bandi imene inkandilola kukhudza ampu yawo, ndipo ngakhale mumsika ankanditchula kuti uja wong'amba masipika. Ndinavutikira mawu amenewo ndi zala zanga, munthu n'kundiwonongera dzina chifukwa choti khutu lake silinawamvepo.

Ndikuimbabe. Koma masiku ano ndikaitanidwa kukaimbira pa zida za munthu, ndimafika anthu asanabwere. Mwini zidayo ndimamuimika patsogolo pa sipika, n'kuponda pedo, n'kumenya kodi imodzi mwamphamvu. Akachita tsinya, sinditsutsana naye. Ndimabweza gitala m'thumba n'kuitana kabaza.