Mkaka umene ndinkamwa mwaulemu

Chizindikiro choyamba chinali kugeya. Linali Lolemba m'mawa, titaima pamzere kunja kwa shikola ku Fingoe, pamene ndinageya mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Mnzanga wapatsogolo anacheuka, ine ndinayang'ana pansi. Pofika masana mimba inali itatupa, ikulira, ndipo ndinapempha kutuluka katatu.

Masiku khumi m'mbuyomo ndinali nditameza madzi a mumtsinje. Kwathu ndi kufupi ndi Chipera. Shikola ya kwathu itatsekedwa chifukwa cha nkhondo, bambo ananditumiza kwa mlongo wawo, azakhali aNaphiri, kuti ndikapitirize maphunziro. Msewu waukulu anthu ankauopa chifukwa cha mabomba okwirira, choncho ine ndi anzanga ena a ulendowo tinadzera njira ya m'thengo. Linali dzinja, ndipo pamtsinje wina madzi anali ofiira, olekeza m'chifuwa. Ndinasenza makaderno anga atatu olembamo, nditawagwira ndi manja onse awiri. Pakatikati ndinaterereka pamwala. Ndikanawataya ndikanadzigwira, koma sindinawataye. Ndinamira manja ali m'mwamba, ndipo ndinameza madzi kawiri kapena katatu. Kumtunda kwa dooko kunkamwa ng'ombe, komanso kunali misasa ya anthu othawa nkhondo, yopanda zimbudzi. Titawoloka anzanga anandiseka, inenso ndinaseka, popeza makaderno anali ouma.

Ndinatsegula m'mimba masiku asanu osauza munthu. Chimbudzi chinali chamadzi, chathovu, chopanda magazi. Ndinali mlendo panyumbapo ndipo sindinkafuna kuvutitsa. Azakhali anazindikira okha ataona kuti kabudula ndayamba kumanga ndi luzi. Anandiphikira mizu masiku awiri, osathandiza, ndipo tsiku lachisanu ndi chitatu ananditengera ku posito ya zaumoyo.

Kumeneko odwala tinkakhala pa bisha, ndiye kuti pamzere wodikira, pansi pa mtengo wa mango. Ovulala ankalowa kaye, kenako amayi a makanda, ife pambuyo. Ndinalowa dzuwa litapendeka. A enfermero, namwino wa pamenepo, bambo wamfupi wolankhula motsitsa, anandipatsa kabotolo koti ndibweretse chimbudzi. Chida choonera tizilombo chinkadalira kagalasi kolandira dzuwa pazenera, ndipo kunja kunali mitambo, motero tinadikira masiku ena awiri. Dzuwa litawala anatipeza tizilomboto. Anandifunsa mafunso atatu. Ngati ndinamwa madzi osawiritsa, ndinavomera. Ngati ndinaona magazi, ndinakana. Lachitatu linali lakuti, “Pali chakudya chimene sichikuyanja?”

Ndinayankha kuti, “Palibe, bambo.”

Linali bodza. Kuyambira ndili wamng'ono mkaka umandipotokola m'mimba. Amayi ankadziwa, ndipo ngakhale tinali ndi ng'ombe sankandipatsa. Koma azakhali anali pambali panga, ndipo m'njira anali atandiuza mosangalala kuti alembetsa dzina langa pa anthu olandira mkaka waufa wothandizira odwala. Ndinaona kuti kunena pamenepo kukhala kuwachititsa manyazi pamaso pa munthu wachilendo.

A enfermero anandipatsa mapiritsi oti ndizimwa katatu patsiku kwa sabata yathunthu, owawa, osiya m'kamwa ngati wanyambita khasu. Anandiuzanso kuti ndizimwa madzi owiritsa othira shuga ndi mchere pang'ono. Pofika tsiku lachitatu kugeya kunasiya ndipo ndinadya bwino.

Tsiku lachinayi azakhali anabwera ndi mkaka. Anali ataima pa bisha kuyambira m'mawa mpaka masana kuti alandire kachitini kamodzi. Anausungunula m'madzi otentha, nandipatsa ndi manja awiri, amvekere, “Imwa, Anselimo. Mwana wa achimwene asandifere m'manja.” Kwathu chimene wamkulu wakupatsa ndi manja awiri sukana. Ndinamwa, ndinathokoza, ndipo pasanathe maola awiri ndinathamangira kuseri.

Zinapitirira choncho milungu iwiri. Mapiritsi anatha, kutsegula osatha. Ndikamafooka azakhali ankawonjezera mkaka, mpaka anasinthanitsa mazira a nkhuku zawo ndi gawo la mkaka la mayi wina woyandikana nawo. Ku shikola ndinasiya kupita. Anthu anayamba kunena kuti matenda osamva mankhwala sabwera okha, kuti mwina ndinawolokera pamalo oipa. Azakhali anagamula kuti Loweruka atuma uthenga kudzera kwa munthu wopita ku Chipera, kuti bambo abwere adzanditenge. Izi zinandiopsa kuposa matendawo. Bambo akanayenda njira yomwe ija, imene masiku amenewo anthu ankabwerako ndi mbiri zoipa, ndipo maphunziro anga akanathera pomwepo. Komabe ndinapitiriza kumwa mkakawo.

Lachiwiri la sabata imeneyo ndinagwa pochokera kuchimbudzi. Ananditengera ku posito panjinga, ndipo anandigoneka. M'chipindamo munali mabedi asanu ndi atatu. M'mawa uliwonse ankatiyeza kutentha kwa thupi, kukolopa pansi, kenako achibale ankaloledwa kulowa ndi chakudya. Anandiika soro, madzi olowera mumtsempha, thumba lake atalipachika pamsomali. Masiku awiri ndinaloledwa phala lamadzimadzi lokha. Mimba inakhala bata koyamba pa mwezi wathunthu, ndipo ndinkangogona n'kumawerenga malata a denga.

Lachinayi azakhali ataona kuti ndadzuka, anabwera ndi botolo la mkaka atalibisa m'nsalu. Ndinamwa. Masana ndinadutsa pakhomo pa a enfermero kanayi, ndikuthamanga. Anayezanso chimbudzi, ndipo Lachisanu m'mawa, azakhali atapita kukachapa, a enfermero anadzakhala m'mphepete mwa bedi langa.

“Tizilombo tinatha kale,” anatero. “Dzulo unamwa chiyani?”

Ndinawauza zonse, kuyambira ubwana wanga. Sanakalipe. Anangoti, “Ndinakufunsa tsiku loyamba.” Kenako anandifotokozera kuti tizilombo timeneti timapweteka m'kati mwa matumbo, moti ngakhale amene amamwa mkaka bwinobwino amatha kulephera kuugaya kwa milungu ingapo akachira. Kwa munthu wonga ine zinali zoposa pamenepo. Pomaliza anafunsa kuti, “Azakhali ako awauze ndani, ine kapena iwe? Uthenga uja akuti upita mawa.”

Ndinati ndiwauza ndekha.

Azakhali atabwera ndinawapempha kuti akhale pansi. Mawu ndinali nditawakonza bwino, koma anatuluka ochepa. Ndinati, “Azakhali, mkaka sundiyanja. Chiyambire.”

Anandiyang'ana. Kenako anayang'ana botolo la mkaka limene linali m'manja mwawo.

“Ndiye ine ndimapsa ndi dzuwa pa bisha paja kukutengera matenda?”

“Ndimaopa kukukhumudwitsani.”

“Ukanafa ndikanakondwa?” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, kenako anaseka pang'ono. “Ndiwedi mwana wa bambo ako. Iwonso anadya therere zaka zitatu kwa apongozi awo, chonsecho amadana nalo.”

Botolo lija anakapatsa mayi wa mapasa amene anagona chipinda chinacho, ana ake atasiya kale kuyamwa. Loweruka uthenga unapitadi ku Chipera, koma unali wakuti mwana akuchira, musabwere.

Ndinatuluka patapita masiku ena atatu. Ndinayamba ndi phala, nthochi zakupsa ndi mbatata yowiritsa, kenako nyemba ndi nsomba pang'onopang'ono. Patatha mwezi ndinabwerera ku shikola. Ndinali nditatsalira kwambiri, koma ndinakopera zonse za mnzanga m'makaderno omwe aja, ndipo mayeso a kumapeto kwa chaka ndinakhoza. Lero luzi ndinalitaya, ndimalima, ndimatunga madzi, ndipo m'mimba muli zii. Mkaka sindimwa. Madzi akumwa timawiritsa ngakhale nkhuni zivute, ndipo ndikamawoloka mtsinje katundu ndimamangirira pamutu kuti dzanja limodzi likhale ndi ndodo, pakamwa potseka.

Kwa anzanga amene mukuyenda njira za m'thengo masiku ano, ndikupemphani izi. Mukameza madzi a mumtsinje, kumbukirani tsikulo, chifukwa matendawa amatha kudikira sabata kapena kuposa asanaonekere. Mukayamba kugeya moipa, kutupa mimba kapena kutsegula, musadikire masiku asanu ndi atatu ngati ine. Pitani ku posito, imwani madzi owiritsa, ndipo mapiritsi mumalize. Akakufunsani za chakudya chimene sichikuyanjani, nenani, ngakhale amene anakuphikirani ali pambali panu. Azakhali mpaka lero akamandipatsa mbale amayamba afunsa kuti, “Ichi chikuyanja, kapena udya mwaulemu?” Ndipo ndaphunzira kuwayankha zoona.