Chule Amene Ndinapita Naye Kuchipatala

Kwathu ku Vinthukutu, chitsime chokhala ndi achule timachikhulupirira. Timati chule sakhala pamadzi oipa, ndiye akakhalamo wamoyo, iwenso imwa. Ine ndinakula ndikudziwa choncho, ndipo chitsime chimene ndinakumba ndekha m'mphepete mwa munda wanga wa mpunga chinali ndi achule onenepa, olira ngati alipidwa.

Chaka chimenecho mvula inachita ukali. Madzi anasefukira, analowa m'midzi, anagwetsa zimbudzi za anthu, kenako anaphwera. Titabwerera kumunda chitsime chinali chodzaza, madzi atadikha bwinobwino, achule ali phee pamwamba. Tinkamwa. Mkazi wanga ankamwetsanso mwana wathu wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda, chifukwa dzuwa la ku Karonga silisewera ndi munthu wokhala m'munda.

Mwanayo anayamba kutsekula m'mimba. Poyamba tinati ndi mano. Kenako m'thewera munayamba kuoneka magazi osakanikirana ndi zonanda, ndipo akamadzithandiza ankapindika ngati wapondedwa pamimba. M'mawa wina ndinapita kukatunga madzi, ndinapeza achule awiri atayang'ana kumwamba, mimba zoyera zili tuu. Wachitatu anali m'mbali, akupuma movutika, osathawa ngakhale nditamugwira.

Mutu wanga unatentha pomwepo. Ine mtima wanga ndi wapachala, sukulu ndinaisiyira sitandade sikisi nditamenyana ndi mnyamata wamkulu wa m'kalasi, ndipo mpaka lero ndikakwiya makutu amalira. Mwini munda woyandikana ndi wanga tinali titakangana za ngalande, iye akutseka madzi kuti apite kwake, ine ndikutsegula. Ndinati basi, wathira chiphe m'chitsime. Ndinaika chule wodwalayo mu jumbo, ndinathamangira kunyumba kukatenga chikwanje.

Mkazi wanga anaima pakhomo, mwana ali kumsana, mutu uli lende.

"Bambo a mwana, mukupita kuti ndi chikwanje?"

"Choka, ndikamuonetse amene wapha mwana wanga."

"Wapha? Mwe Chiuta wane! Mwana akupuma, inu mwamuika kale m'manda? Mukateme munthu, akumangeni, ine ndinyamule ndekha mwanayu mpaka kuchipatala ku Uliwa? Gwirani apa, mumve."

Anatenga dzanja langa n'kuliika pamwendo wa mwana. Unali wofewa ngati nthochi yakupsa kwambiri, ndipo khungu nditalitsina linangokhala chomwecho, losabwerera. Chikwanje chinandigwa m'manja. Jumbo yokha sindinaisiye. Ndinati uwu ndi umboni, adokotala akauone, kenako apolisi.

Tinakwera njinga yamoto tonse atatu. Njira yonse ndinkaika chala pamphuno pa mwana. Woyendetsa akalowa m'dzenje mutu wa mwanayo unkagwedera, ine mtima n'kuima.

Kuchipatala anamwino anamulandira msanga, anamubaya dilipi padzanja atafufuza mtsempha nthawi yaitali, mwana osalira n'komwe. Anandipatsa kabotolo kokhala ndi chimbudzi chake kuti ndithamange nako kulabu chisanazizire. Amene ankayeza kumeneko anali bambo wachikulire wochokera kummwera, wosamva chilankhulo chakwathu, ndiye ndinayenera kulankhula Chichewa changa chokhotakhotachi. Ndinaika kabotolo patebulo, kenako jumbo.

"Achimwene, mwatibweretsera ndiwo?"

Atatsegula analumpha. "Aaa! Odwala wake ndi uyu? Buku lake lakuchipatala lili kuti?"

Sindinaseke. Ndinamenya tebulo, ndinati munthu wathira chiphe m'chitsime, chule uyu ndi mwana wanga akufa ndi chinthu chimodzi, yezani. Bamboyo anandiyang'ana, nthabwala anaisiya.

"Khalani pansi, achimwene. Mwana kaye."

Anapaka chimbudzi chija pang'ono pakagalasi, anadonthezapo madzi, anaika pansi pa makina aja oonera tinthu ting'onoting'ono. Anayang'ana, anapotokola. Kenako anati bwerani, tsekani diso limodzi.

Poyamba ndinkangoona kuwala. Kenako ndinakaona. Kanthu kopanda mutu, kopanda miyendo, ngati dontho la phala, kakudzikoka pang'onopang'ono, mbali imodzi kutuluka, thupi lonse n'kutsatira. M'kati mwake munali timadontho tozungulira.

"Timeneto ndi magazi a mwana wanu," anatero. "Kanthuko kamadya khoma la matumbo. Thupi lake lonse ndi kachidutswa kamodzi basi, kalibe mtima, kalibe maso. Si chiphe ichi. Ndi kamwazi."

Munthu ndimadziwa pomugwira. Ng'ombe yolusa ndinaigwetsapo, ng'ona ndinaionapo pafupi kumtsinje wa Rukuru. Koma ichi chinali m'mimba mwa mwana wanga, chikudya pa nthawi yomweyo imene ine ndinali chilili, ndipo sindikanachigwira ngakhale ndi singano. Ndinafunsa kuti tilimo tingati. Anati musafunse zimenezo.

Analemba zotsatira, anatuma munthu kuti apite nazo kwa adokotala. Ine ndinakakamira za chule. Anapukusa mutu, koma anati ali kusukulu anachitapo zimenezi, ndipo pamzere panalibe wina. Chule anali atangotsirizika. Anamutumbula panja ndi kalumo, anafinya zam'matumbo pagalasi lina.

Mmenemo ndiye munali msika. Tinthu tophwatalala ngati masamba, tonyezimira, tikusambira, tikugundana, tikutembenuka, tambirimbiri. Ndinabwerera m'mbuyo n'kugunda mpando. Ndinati ndiye timeneti talowa mwa mwana!

"Ayi. Onani bwino, tikufanana ndi kaja? Iti ndi take chule. Achule ambiri amayenda nato moyo wawo wonse, ndipo mwa munthu sitikhala. Ka mwana wanu kamachokera m'chimbudzi cha munthu. Madzi osefukira aja anapita kuti atachoka m'zimbudzi?"

"Nanga achule afa ndi chiyani?"

"Sindine dokotala wa achule, achimwene. Sindikudziwa. Koma chule akhoza kukhala wamoyo, wonenepa, m'madzi oti apha mwana."

Mawu amenewo anandiopsa kuposa zimene ndinaona. Ndinaganiza za makapu onse amene tinamwa, za mkazi wanga, za ine mwini. Ndinagwira mimba yanga, ndipo ndinamva ngati chinachake chikukwawa.

Ndinabwerera kuwodi. Mwana anali atayamba kulandira mankhwala. Ndinafunsa anamwino ngati achira, anati mwafika mochedwa koma tiyesetsa, mugwire dzanjali asachotse singano. Sakanaichotsa n'komwe, analibe mphamvu. Ndinagwirabe. Ndinkayang'ana kamimba kake kakukwera ndi kutsika, ndikuwerengera mumtima kuti mankhwala ndi tinthu tija, ndani akufulumira. Pabedi lapafupi mayi wina anatuluka akulira, mwana atamukulunga m'chitenje. Mkazi wanga anatembenukira kukhoma. Ine ndinafuna kumenya chinachake, koma panalibe chomenya, ndipo dzanja langa linali ndi ntchito.

Tinakhala masiku angapo choncho. Thewera lililonse ndinkalitsegula ndekha, kuliyang'ana pawindo ngati munthu wosankha mbewu. Kufiira kunayamba kuchepa, koma mwana anali chigonere, maso otseka theka, ndipo sindinkakhulupirira chilichonse.

Masana ena mkazi wanga anamuika kubere, mongoyesa. Ine ndinali pansi, nditatsamira mwendo wa bedi. Mwadzidzidzi mkazi wangayo anakuwa.

"Mayo! Iwe, wandiluma!"

Ndinadzuka. Mwana anali atagwira bere ndi manja onse awiri, dilipi ikulendewera, akuyamwa mochita kumveka, diso limodzi likundiyang'ana ngati ndikufuna kumulanda. Mkazi wanga ankaseka uku akutukwana ululu. Anamwino anabwera, anayang'ana, anati uyu mawa singano tichotsa, kapitirizeni mankhwala kunyumba, madzi muziwiritsa.

Ine ndinatuluka panja, ndinakhala kuseri kwa wodi pamene panalibe anthu, ndinalira mpaka malaya ananyowa.