Thobwa la azakhali Abiti Saidi

Ndikukumbukira chaka chimene ababa anayamba kuchepetsa mathalauza awo omwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinkakhala kumudzi kwa amayi pafupi ndi Ulongwe, kumene ababa anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Mposa, mbali ya ku Chilwa. Ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pamsika, ndipo aliyense ankawadziwa kuti Che Lajabu, telala wonenepa uja. Kunenepa kwawoko kunali ulemu wa amayi. Kuchitsime anzawo ankati, "Abiti Jafali amadziwa kusamala mwamuna, taonani khosi la Che Lajabu." Amayi ankangoweramitsa mutu, koma ndinkaona kuti zikuwakomera.

Kenaka ababa anayamba ludzu losatha. Pansi pa makina osokera pankakhala chigubu cha madzi, ndipo dzuwa lisanafike pamutu madziwo ankakhala atatha. Ankangopitapita kuseri kukataya madzi, pamalopo n'kumasonkhana nyerere. Maso nawo anayamba kuona mwachimbuuzi, moti ndikaweruka kusukulu ndinkayamba ndadzera pakhonde paja kukawalowetsera ulusi pasingano. Atapita kuchipatala cha mishoni anawauza kuti ali ndi matenda a shuga. Dzinali linali lachilendo kwathu masiku amenewo. Shuga tinkamudziwa wa m'tiyi basi, chinthu cha anthu opeza bwino.

Anabwerako ndi mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse, komanso kapepala kolembedwa pamanja. Kapepalako ndikali nako mpaka lero, chifukwa ine sinditaya pepala, ndipo amene akufuna kutsutsa zimene ndikulembazi abwere adzakaone. Amayi sankadziwa kuwerenga, ababa ankadziwa Chiarabu cha kumadrasa chokha, choncho wowerenga ndinali ine. Mawu ake anali ochepa. Asiye shuga m'tiyi, m'phala ndi m'thobwa. Achepetse mpunga. Nsima ikhale ya mgaiwa, yochepa, ndiwo zamasamba zichuluke, thupi litsike. Mwezi ukatha abwerenso kudzatenga mapiritsi ena.

Ana a masiku ano sangamvetse kuti mgaiwa unali chiyani nthawi imeneyo. Mkazi wodzilemekeza ankakonola chimanga mumtondo, kupeta, kuviika mphale m'madzi, kuyanika, n'kusinja mpaka ufa uyere mbee. Mgaiwa unali wa akaidi, wa ana a sukulu zogonera komweko, ndi wa mkazi waulesi amene amangotenga chimanga ndi gaga wake yemwe kukathira pachigayo. Tsiku loyamba kupita kuchigayo ndi chimanga chosakonola, amayi anaphimba dengu ndi chitenje, n'kudzera njira ya kumunda.

Koma zinathandiza. Ludzu linatha, kutopa kunatha, ababa anayambanso kulowetsa ulusi okha. Mimba inaphwa pang'onopang'ono. Loweruka lina ndinawapeza akusoka m'chiuno mwa thalauza lawo, akuseka okha.

"Asiyatu, taona," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukulitsa mathalauza a anthu. Lero ndikuchepetsa langa."

Anali atachepa thupi, koma anali amphamvu kuposa kale. Ankayenda pansi kupita kumsika n'kubwerako osapumira panjira. Izi sindinachite kumva, ndinaziona ndi maso anga.

Mbiri inakafika kwa Mposa kudzera mwa ogulitsa matemba, ndipo pofika kumeneko inali itakula: Che Lajabu atha, atsala mafupa okhaokha. Azakhali Abiti Saidi ananyamuka. Iwowa anali mlongo wawo wamkulu wa ababa, amene anawalera kuyambira pamene mayi awo anamwalira, ababa asanayambe n'kuyenda komwe. Anafika masana atasenza mpunga, m'manja muli chigubu cha thobwa la mapira lothira shuga wambiri, momwe ababa ankalikondera kuyambira ali mwana.

Atangowaona ababa, azakhali anatula katundu n'kukhala pansi, moni osalandira.

"Achimwene, ndinu amenewa? Thupi lija mwaliponya kuti?"

"Ndili bwino, achemwali. Achipatala ndi amene anati..."

"Achipatala amadya nanu m'nyumba muno?"

Anansi anabwera kudzalonjera mlendo, n'kukhala pamphasa pansi pa mtengo wa bwemba. Amayi anaphikira azakhali nsima yoyera, ya ababa n'kuphika payokha monga mwa masiku onse. Pamene ndinkapita nayo kwa ababa, azakhali anandiitana n'kuvundukula mbale. Anaiyang'ana kwa kanthawi, kenaka anatembenukira kwa amayi.

"Alamu, mtondo wanu unasweka? Kapena munsi anakuberani? Mukadanditumizira uthenga ndikadabwera ndi wanga."

Amayi anagwada. "Iyayi, alamu, ndi malangizo a kuchipatala."

"Mwamuna wosoka tsiku lonse kuti inu muvale, mukumudyetsa gaga? Kwathu gaga timapatsa nkhuku."

Wina pamphasa paja anaseka, n'kubisa nkhope m'chitenje. Azakhali anakhutchumula chigubu chawo, anadzaza kapu yaikulu ya malata, n'kupita nayo okha kwa ababa. Ababa anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana pansi. Ababa anatambasula manja onse awiri n'kulandira.

Ine ndi amene ndinkawerenga kapepala kaja, ndipo ndinali nditakaloweza pamtima. Mawu anangotuluka.

"Ababa, musamwe! Muli shuga mmenemo. Azakhali, thobwa lanulo liwapha."

Kumudzi, ukanena pagulu kuti chakudya cha munthu chipha wina, wanena kuti munthuyo wathiramo chiphe. Ine sindinaganize zimenezo, koma aliyense pamphasa paja anamva zimenezo.

"Mwamva nonse," anatero azakhali motsitsa mawu. "Ndayenda ulendo wonsewu kudzapha mwana amene ndinamubereka kumbuyo kwangaku. Mawu amenewa mwanayu sanawatole panjira. Amawamva m'nyumba umu."

Amayi anali asanandimenyepo chibadwire. Anathyola nthambi ya bwemba, anandigwira mkono, n'kundikwapula m'miyendo pamaso pa anthu onse. Ndinakuwa kuti, "Koma amayi, si inu munati ndiziwayang'anira?" Apo m'pamene anawonjezera mphamvu. Ndili mkati molira ndinaona ababa akukweza kapu ija. Anamwa lonse osapumira, kuti nkhani izizire, ndipo azakhali anadzazanso.

Dzuwa litapendeka, amayi ananditengera kuseri kwa nyumba n'kuyamba kundithowa miyendo ndi madzi ofunda.

"Wanena zoona," anatero. "Koma iwe ndiwe mwana, iwo ndi azakhali ako. Ndikadapanda kukukwapula, akanati ndakutuma ndine."

"Nanga ababa?"

Anafinya kansalu, n'kupitiriza kuthowa.

Chikwapu chija sichinapulumutse kanthu. Azakhali anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Nkhoswe ya kwathu anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali atandimva kangapo ndikuwerenga malangizo aja, ndipo anaona okha mmene ababa anachirira. Ankadziwa zonse. Koma anati poti mwana watukwana kale mlendo, si bwino kuwonjezera moto ndi mapepala a kuchipatala. Anapepesa m'malo mwa banja lathu. Chigamulo chinali chakuti ukwati sunathe, koma Che Lajabu apite kwawo akapume mpaka thupi libwerere. Makina osokera anawamangirira panjinga, ababa n'kumatsatira pambuyo wapansi. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi.

Amayi sanaloledwe kupita nawo. Ine ananditumiza sukulu itatsekera. Ndinawapeza ababa atagona pamphasa kuseri kwa nyumba ya azakhali, pambali pali chigubu cha madzi. Mapiritsi anali atatha kalekale. Chipatala chinali kutali, ndipo azakhali ankati mwamuna woyenda ndi miyendo yake samwa mankhwala tsiku ndi tsiku ngati wodwala. Ankawasamala, zimenezo sindingawanamizire. M'mawa tiyi wa mkaka wotsekemera ndi zitumbuwa, masana mpunga, madzulo nsima yoyera ndi nsomba, pakati pake thobwa ndi nzimbe. Nkhuku zawo anazipha imodziimodzi mpaka khola linatsala lopanda kanthu.

Thupi silinabwerere. Tsopano ababa ankawonda kwenikweni, kuwonda kwa matenda, khungu litachita makwinya ngati la nkhalamba. Azakhali akaona kuwondako ankati chakudya chikuchepa, n'kuwonjezera. Phazi la ababa lamanzere linali lokulungidwa m'nsalu. Anabayidwa ndi chitsa kumunda wa mpunga, kabala kakang'ono, koma sikankapola, ndipo fungo lake linkafika pamene ndinaima. Sanandizindikire mpaka nditalankhula.

"Ababa, tiyeni tizipita kwathu," ndinanong'ona. "Apo ayi muziwakanira."

"Asiyatu, munthu amene ankagona ndi njala kuti ine ndidye, lero ndimuuze kuti chakudya chake sindichifuna? Ndiyambira pati?"

"Ndiye kuti mukudziwa."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

Azakhali anatulukira ndi tiyi. Anagwada pambali pa mphasa, akutakasa, supuni ikulira m'kapu. Anawadzutsa ababa mosamala, n'kuwagwirira kapuyo pakamwa. Zipsera za bwemba zinali zikuonekabe m'miyendo mwanga. Ndinakhala chete monga ndinaphunzitsidwira, ndipo madzulo ake azakhali anandiyamikira kuti ndayamba kukhala mwana waulemu.

Ababa anawanyamula pamachira kupita nawo kuchipatala mwendo utada kale mpaka m'bondo. Anamwalira chimanga chisanakhwime, ndipo anaikidwa kwa Mposa. Pamaliro amayi anawakhazika kumapeto kwenikweni, kumene ankamva bwinobwino azimayi akuuzana kuti mwamunayo anafika atafooledwa kale ndi gaga, achemwali ake anayesetsa koma anachedwa. Amalume analinso pomwepo, ndipo anamva. Amayi anakhala ndi dzina limenelo mpaka imfa yawo, la mkazi amene anamana mwamuna chakudya. Chaka chathachi, pasadaka ina, mdzukulu wa azakhali, munthu wophunzira woyenda pagalimoto, anandifotokozera nkhani imeneyi ngati mbiri ya banja, osadziwa kuti akuuza mwana wa mkaziyo. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba.

Lero shuga ndili naye ine. Ndimakhala ku Balaka, ndimamwa mapiritsi anga m'mawa ndi madzulo, ndimayenda pansi, ndipo tsiku la kuchipatala sindijomba. Mgaiwa uja tsopano ndi umene anthu olemera amaufunafuna. Thupi langa latsika, ndipo ndikudziwa zimene azimayi amanong'onezana ndikadutsa, chifukwa kuno munthu akawonda aliyense amakhala dokotala. Paukwati kapena pasadaka amabwera ana aulemu, atagwada, ndi botolo la chozizilitsa kukhosi kapena kapu ya thobwa. Ndimati iyayi, ndipo ndimanena chifukwa chake mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. Akati, "Pang'ono pokha, agogo, musatichititse manyazi," ndimabwerezanso. Ena amati mayi uja ndi wamwano.

Kwa zaka zambiri ndinkadana ndi azakhali. Pano ndikuona kuti pa anthu onse aja, iwo okha ndi amene sankadziwa chimene akuchita. Ababa ankadziwa, amayi ankadziwa, amalume ankadziwa. Aliyense wa iwo anaona kuti kukhumudwitsa munthu wamkulu n'koopsa kuposa kuti telala wa zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo afe, ndipo aliyense anachoka pabwalo paja akutamandidwa kuti ndi wamakhalidwe. Palibe amene ankadana ndi ababa. Chilichonse chimene chinawapha anawapatsa atagwada, ndipo iwo analandira ndi manja awiri. Ine ndasankha kuti anthu azinditcha wamwano ndili moyo.