Thadzi langa m'chaka cha chitopa

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anawasamutsira ku Maganga kukaphunzitsa. Ife tinakulira m'tauni, nkhuku tinkangoidziwa ili m'mbale. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi pamene Abiti Juma, mayi woyandikana nafe amene ankagulitsa usipa, anandipatsa msoti wamawangamawanga. Anandiphunzitsa zonse: madeya m'mawa, madzi m'phale pamthunzi, phulusa m'khola kuti utitiri usabwere. Tsiku loyamba ndinaupatsa mpunga wophika wothira mchere, mayiwo anaseka mpaka misozi.

Msoti unakula n'kukhala thadzi, linaikira mazira khumi m'dengu lakukhitchini, n'kuyamba kukhalira. Ndinkalemba masiku ndi khala pakhoma. Itatsala sabata imodzi kuti mazira aswe, chitopa chinalowa m'mudzi.

Unali mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi. Nkhuku za anthu zinkangoima mapiko ali pansi, kuwodzera dzuwa likuswa mtengo, zina khosi litapotoka. M'mawa uliwonse kunkanunkha nthenga zowauka, poti aliyense ankathamangira kupha zake zisanafe zokha. Lachisanu masana tambala wa nyumba yakuseri anagwera pampanda wathu penipeni, akuphupha.

Bambo anatulutsa mpeni n'kuyamba kunola pamwala.

“Tadala, kagwire nkhuku ija. Bola tidye kusiyana n'kukataya kudzala.”

Ndinathamangira kwa Abiti Juma kukawauza. Iwo anasiya usipa pathandala, anabwera akupukuta manja pachitenje.

“Aphunzitsi, mpeni umodziwu mupha nawo nkhuku khumi ndi imodzi? Tipatseni masiku atatu.”

“Nanga ikafa?” anafunsa bambo.

“Ikafa ndiye kuti Allah walemba choncho. Koma lero ikudya.”

Bambo anayang'ana mpeni, anayang'ana ine, n'kulowa m'nyumba.

Nzeru ya mayiwo inali yotengera thadzi kumunda kwawo kwa chinangwa, kutali ndi nkhuku zonse, kumene amuna awo ankalondera nguluwe. Koma anandichenjeza kuti thadzi ukalisuntha limatha kunyanyala mazira. Tinaphimba dengu ndi chitenje, ndinalisenza. Sindinayendepo mosamala chotero. Thukuta linkalowa m'maso, koma sindikanatha kuchotsa dzanja padengu. Ndikaponda pokumbika, ndinkamva mazira akugundana pamutu panga, thadzi likung'ung'udza.

Titafika pamsasa wa kumundako, tinaika dengu pakona, n'kuvundukula pang'onopang'ono. Thadzi linalumpha, likutetera mokwiya, n'kuthawira m'chinangwa. Mazira onse khumi anatsala pambalambanda.

Ndinadzuka kuti ndilithamangire, koma Abiti Juma anandigwira pamkono mwamphamvu.

“Ukalipirikitsa silibwerera. Khala pansi, mwanawe.”

Tinakhala. Mthunzi wa msasa unasuntha, unatalika. Kabawi anazungulira kumwamba kawiri. Thadzi linagudubuzika m'fumbi ngati lilibe udindo uliwonse padziko, linamwa madzi amene tinaika, linatola nyerere. Ine ndinkangoganiza za mazira akuzizira, ndiponso za mpeni uja. Kenako linayandikira dengu, n'kusuzumira ndi diso limodzi, n'kubwereranso. Linachitanso chimodzimodzi kachiwiri. Ulendo wachitatu linakwera, linatembenuza mazira ndi mlomo, linadzigwedeza, n'kukhala. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndakhala ndikufinya dzanja la mayiwo mpaka zikhadabo zanga kudinda.

Lolemba nditaweruka kusukulu ndinapeza timitu tikusuzumira pansi pa mapiko. Anapiye asanu ndi awiri; mazira atatu sanaswe. Bambo anabwera pa njinga, ananjuta, anawerenga kawiri. M'mawa mwake anagula thumba la madeya. M'dera lathu lonse, nyumba zotsala ndi nkhuku zinali zowerengeka.

Lero ndimaweta nkhuku zambiri kuseri kwa nyumba yanga pa boma la Salima. Nyengo yotentha ikayandikira, amabwera mayi wa katemera ndi kabotolo, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, basi. Ana anga sadziwa mmene mudzi umakhalira zii m'mawa tambala atatheratu.

Abiti Juma anatisiya kalekale. Ndinkafuna kudzawapatsa tambala wonenepa kwambiri mwa anapiye aja, ndiye ndinkadikira kuti akule kaye. Koma tambalayo asanayambe n'kulira komwe, bambo anawasamutsanso, tinachoka ndisanawapatse.