Mmene mlongo wanga anandigwetsera pamaso pa akulu ampingo

Ine sukulu ndinalekeza m'makalasi oyamba, sindibisa. Koma nyimbo za m'buku la kutchalitchi zonse zili m'mutu muno. Ndinazitola kwa bambo anga.

Kwathu, chakumadzulo kwa Nathenje, kale mabuku anali ochepa, odziwa kuwerenga ochepanso. Ndiye bambo ankaima kutsogolo, n'kutchula mzere umodzi mofuula, anthu n'kuuimba mokoka, pang'onopang'ono, ngati ngolo yodzaza pachikweza. Akatha, bambo atchulenso wina. Panalibe chosokosa chilichonse, mawu a anthu basi. Ukachedwa panjira umamva azimayi okalamba akukweza, azibambo akugunda pansi, umadziwa kuti afika pati. Bambo atamwalira, malo aja ndinaima ndine, ndipo palibe anatsutsa.

Kenako achinyamata anagula kiyibodi ndi masipika. Akuti kutchula mizere kumachedwetsa mapemphero, nyimbo ikumveka ngati pamaliro. Akulu ampingo anati nkhaniyi aikhalira pansi.

Apa ndi pomwe ndinaganiza za mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira m'nyumba mwathu. Iyeyu ali ku Ulaya, akuchita digiri yachiwiri. Zimene amaphunzira ndi za azungu akalekale amene anakangana ndi mpingo wawo n'kuyamba kupemphera mwatsopano. Tsiku lina pa foni anandiuza kuti ena mwa anthu amenewo anatulutsa zoimbira m'matchalitchi, ati Mulungu amutamande ndi pakamwa, m'chinenero chawo. Anatinso kwina kunali munthu wotchula mizere, ndendende ngati bambo. Ndinavina ndekha pakhonde. Ndinati basi, mfuti ndaipeza.

Atabwera kutchuthi ndinakamuchingamira pa siteji, chikwama chake ndinakweza panjinga yanga.

"Iwe, Loweruka ukayankhule kwa akulu. Ukawauze zomwe zija."

"Achimwene, ndikayankhula zonsetu, osati theka."

"Zonsezo ndi zomwe ndikufuna!"

Uchitsiru wanga unali pamenepo.

Loweruka anaima bwinobwino, chitenje m'chiuno, n'kuyamba monga ndinkafunira. Ine ndikungogwedeza mutu, kuyang'ana mnyamata amene ankati aziimba kiyibodi ija. Kenako mkulu wina anafunsa kuti, "Nanga mayi, kumeneko akutchulabe mizere?"

Mlongo wanga anati m'malo ambiri zinatha kalekale, anthu ataphunzira kuwerenga, ndipo zoimbira zinabwerera. Sanalekere pomwepo ayi. Anawonjeza kuti nawonso oyambitsa kuimba kwathuku, pa nthawi yawo, anthu okalamba ankawaona ngati osokoneza, ndipo analipo olira chifukwa cha mapemphero akale amene anawalanda.

Akulu aja anayang'anana. Nkhani inathera pompo. Sabata yotsatira kiyibodi inali kutsogolo, ine pa benchi.

Kunyumba ndinamukalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

"Anakufunsa zonsezo ndani? Sukanangoti sindikudziwa?"

"Ndikananama bwanji, achimwene, zinthu ndikuzidziwa?"

"Azungu ako akufawo akuposa bambo ako?"

Analira. Ine ndinaleka kukalipa, chifukwa mwana ameneyu ndinkamubereka kumsana popita kutchalitchi, mayi ali kudimba. Ankagona nyimbo ili mkati, dovu lake likunyowetsa malaya anga a Sabata. Mawu oyamba amene anaphunzira kuimba anawamva m'kamwa mwa bambo, asanadziwe ndi chilembo chimodzi chomwe.

Chimene chimandiwawa si benchi. Ndi azimayi okalamba aja. Masiku ano nyimbo imathamanga, mawu ake palibe owauza, ndiye amangoomba m'manja milomo ili chitsekere. Anthu amene ankadzaza tchalitchi chonse ndi mawu! Mabuku a mlongo wanga akuti zinatha anthu ataphunzira kuwerenga. Awawa anaphunzira liti?

Asanabwerere anandipeza ndikusankha fodya m'chigafa, foni ili m'manja.

"Achimwene, tandiimbireni monga ankachitira bambo, ndijambule. Aphunzitsi anga sanamvepo zimenezi ndi makutu awo, amangoziwerenga."

Ndinapitiriza kusankha fodya wanga.

"Wandichotsa kutsogolo, tsopano ukufuna ukandiike m'kabati? Sindinafe ine."

Sindinaimbe. Chikwama chake ndinakwezabe panjinga mpaka pa siteji, koma njira yonse sitinayankhulane.

Pano amandiitana pamaliro pokha, kumanda, kumene waya wa kiyibodi safika. Kumeneko ndimatchula mzere, agogo aja n'kuulandira, ndipo ndimakoka dala kuposa mmene ankakokera bambo. Wofulumira azipita.