Amayi Kenako, Mphunzitsi wa Aphungu

Dzina loti Amayi Kenako anawapatsa ndi ophunzira awo, ndipo linakakamira mpaka amuna awo kunyumba ankawaitana choncho akafuna kuwagemula. Linachokera pa chizolowezi chawo. Munthu akamalankhula n'kukakamira panjira, iwo sankamuthandiza kumaliza. Ankangopendeketsa mutu n'kudikira, ndipo zii akatalika ankafunsa motsitsa mawu kuti, "Kenako?"

Chizolowezicho sichinangobwera. Ali mwana ankachita chibwibwi kwambiri. Bambo awo anali telala, ndipo ankawatuma kukapereka uthenga kwa eni zovala. Akafika pakhomo n'kuyamba kuti, "A-a-ababa akuti...", mwini nyumba ankamaliza yekha: "Akuti ndibwere mawa? Chabwino, thamanga." Mwana ankabwerera uthenga weniweni ukadali m'kamwa. Atakula chibwibwicho chinachepa, chinkangobwera mtima ukakhala m'mwamba. Koma anakula akudziwa kuti wokumalizira mawu kawirikawiri amamaliza zake, ndipo amachoka akudziona ngati wakuthandiza.

Ntchito anayamba ya unamwino. Anzawo m'wodi anaona kuti odwala okana mankhwala, ngakhalenso achibale amene angolandira uthenga woipa, ankafewa akakhala nawo pabenchi ya pakhonde. Chipatala chinawatumiza kusukulu kukaphunzira za uphungu, ndipo patapita zaka sukulu yomweyo inawaitana kuti aziphunzitsa ena, komanso aziyendera ophunzira akapita kukayeserera ntchito.

Kalasi yawo inali m'chipinda cham'mwamba, chotentha, cha fani yongolira osazungulira. Pabolodi sankalembapo zambiri. Ankaika mipando iwiri pakati, wina akhale phungu, wina wofuna thandizo, ena onse aonerere. Nthawi zina wofuna thandizoyo ankakhala iwo omwe. Tsiku lina ankasanduka mayi wolusa, lina bambo wongoyang'ana nsapato zake. Akamaliza ankafunsa oonerera kuti, "Mwaona chiyani? Zimene mukuganiza zisungeni kaye. Ndikufuna zimene maso aona."

Chaka china m'kalasimo munalowa bambo wamkulu kuposa iwo, wapolisi wopuma ntchito, amene aliyense ankangoti Asajeni. Ankati pa kauntala ya polisi anaona anthu ambiri amene sankafunika chitolokosi, ankangofunika wowamvera, n'chifukwa chake anabwerera kusukulu imvi zili mbuu. Pa mayeso olemba ankawagonjetsa achinyamata onse. Koma akakhala pampando wa phungu upolisi unkadzuka. "Zinayamba liti? Analipo ndani? Nanga inu munatani?" Anzawo ankafa ndi phwete, wina n'kufunsa, "Asajeni, ndiye mumutsekera lero kapena mawa?"

Nthawi yoyeserera ntchito itafika, Asajeni anatumizidwa ku kachipatala kena, m'kachipinda kokhala ndi sinki, katani yofwifwa ndi mipando itatu. Tsiku limene Amayi Kenako anakawayendera kunabwera mayi wina amene mwamuna wake anachotsedwa ntchito n'kumangokhala duu panyumba. Mayiyo atavomera kuti amve nawo, Amayi Kenako anakhala pakona n'kumamvetsera.

Mayiyo anafotokoza bwinobwino, kenako anatsitsa mawu. "Koma ine chimene chikundiopsa n'chakuti..." Anameza malovu, maso ali pansi.

"N'chakuti ana agona ndi njala," anatero Asajeni mwachifundo. "Musadandaule, mayi." Ndipo anamuyalira malangizo abwino okhaokha, za kageni, za kulimba mtima, za kulankhula ndi achibale. Mayiyo anathokoza, n'kunyamula kachikwama kake. Amayi Kenako anamutsatira pakhonde n'kumupempha kuti abwerenso mawa lake. Atabwerera anatseka chitseko.

"Asajeni, mayi uja chikumuopsa n'chiyani?"

"Njala, Madamu."

"Wanena ndani?"

"Zimaoneka pankhope. Ine anthu ndawaona ambiri."

"Mwina mwalondola. Koma panopa simukudziwa inu, sindikudziwa ine. Chitseko anali atayamba kutsegula yekha, inu n'kumutsekera mwaulemu."

Mawa lake mayiyo anabweradi, Amayi Kenako n'kukhala naye, Asajeni ali pakona. Chinkamuopsa sichinali njala ayi. Anali ataona kuti wasiya kumumvera chisoni mwamuna wake, moti akamuona atakhala pakhonde mtima unkachita nseru, ndipo ankadziona ngati mfiti.

Asajeni anamva, koma chizolowezi cha zaka zambiri sichitha ndi tsiku limodzi. Pofika kumapeto kwa teremu anali akadali wothamangira kuyankha. Amayi Kenako anaganiza zoti Asajeni abwereze maphunzirowo. Mkulu wa sukulu anawaitana n'kuwanyengerera. "Munthu wamkulu ngati uja timubweze? Mapepala akhoza onse. Zinazo akaphunzirira pantchito."

"Akaphunzirira pa ndani, bwana?" anafunsa iwo. "Pa ana a eni?"

Kunyumba chakudya chinawakanika. Amuna awo, amene anali makaniko, anawayang'ana n'kunena kuti, "Amayi, galimoto yopanda mabuleki ine sindiitulutsa m'galaja, ngakhale mwini wake akhale malume anga. Idyani."

Uthengawo sanafune kuti Asajeni akauone pabolodi la zidziwitso. Anawaitana mu ofesi. Asajeni anakhala chowongoka, chipewa pabondo, nkhope ili gwa, chifukwa mphekesera zinali zitawafika kale. Amayi Kenako atatsegula pakamwa, chibwibwi chija chinawagwira pakhosi. "Si-si-si..." Mawu anakana. Anaona milomo ya Asajeni ikuyamba kugwedera kuti iwamalizire, kenako inatsekeka. Bamboyo anagwira chipewa chake zolimba n'kudikira, thukuta lili kamukamu, mpaka mawu anatuluka okha.

"Sindikulolani kupita chaka chino," anamaliza. "Koma mwaona zimene mwachita panopa? Mwakwiya, mukudziwa zimene ndikufuna kunena, koma mwandidikira. Ndiye kuti mungathe. Tizigwira limodzi."

Asajeni anatuluka osatsanzika. Teremu yotsatira anali woyamba kufika.

Anagwiradi limodzi. Ofuna thandizo akalola, Asajeni ankajambula mawu a zokambirana zawo, ndipo awiriwo ankamvetsera mu ofesi. Amayi Kenako ankaimitsa pena n'kufunsa, "Apa mumamva bwanji m'mimba?" Pang'onopang'ono bamboyo anazindikira kuti ankathamangira malangizo chifukwa misozi ya munthu inkamusowetsa pogwira. Koma mayiwo sankangotola zolakwa. "Upolisi musautaye wonse," ankatero. "Munthu akakutukwanani simugwedezeka. Woledzera simumunyansidwa. Abambo amene sangakhale pansi ndi ine, ndi inu akhala. Zimenezo ine sindingaphunzitse munthu."

Asajeni anamaliza, n'kupeza ntchito pamalo othandiza abambo ofuna kusiya mowa. Mbiri yawo inamveka, ndipo Amayi Kenako ankaimva ngati mayi womva kuti mwana wake akuyamikiridwa kuchikamwini kwake.

Patapita zaka, tsiku lina masana, Amayi Kenako anawapeza Asajeni atakhala pabenchi kunja kwa ofesi, ndevu zosameta. Bambo wina amene ankamuthandiza anali atadzipha.

"Ndasiya, Madamu. Munkanena zoona poyamba paja. Ntchito imeneyi si yanga."

Amayi Kenako sanathamangire kuwatonthoza. Anawalowetsa, anawathirira tiyi, n'kuwasiya alire mpaka atatonthola. Kenako anati, "Tiyeni tiyendemo limodzi, kuyambira tsiku limene munakumana naye."

Anayendamodi. Asajeni anali atamufunsa malemuyo mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, iye n'kukana. Anali atadziwitsa dokotala, analankhulanso ndi mkulu wake wa malemuyo. Panali chinthu chimodzi chokha: bamboyo atajomba tsiku lokumana, Asajeni anadikira kuti abwera yekha m'malo momuimbira.

"Chimenecho mukanachita," anatero Amayi Kenako. "Sindikunamizani. Ngati chikanamupulumutsa, sindikudziwa, ndipo palibe adzadziwe. Muzichita kuyambira lero. Koma mtembo wonse musausenze nokha, sunali m'manja mwanu mokha."

Tsiku lomwelo anaimbira akuluakulu a kuntchito kwa Asajeni kuti anthu amene Asajeni ankawathandiza awaone kaye phungu wina, iwo apume. Anawauza Asajeni kuti azibwera mlungu uliwonse mpaka tulo titabwerera, ndipo anawatumizanso kwa phungu mnzawo kuti akalire kumeneko ngati munthu wamba, osati ngati wophunzira. Asajeni anabwerera kuntchito, ndipo akugwirabe.

Nkhani imeneyi inawasiyira Amayi Kenako funso: aphungu amene anawaphunzitsa aja, akathodwa amakatula kuti? Anapempha chipinda kuseri kwa laibulale ya sukulu, n'kuyamba kuwasonkhanitsa kamodzi pamwezi, aliyense abwere ndi nkhani imene yamukanika, mayina a anthu osatchula. Woyamba kutula ankakhala iwo, kuti ena asachite manyazi.

Pano anapuma ntchito, ndipo mawondo sawalolanso kukwera masitepe. Msonkhano uja anausamutsira m'chipinda chapansi chifukwa cha iwo. Amuna awo amawabweretsa pa galimoto yawo yakale n'kumadikira panja mawindo ali otsegula, ndipo nthawi ikapitirira amayamba kuliza hutala. M'katimo onse amaseka, wina n'kutuluka ndi kapu ya tiyi kukawapepesa, chifukwa aliyense amadziwa kuti mayiwo sanyamuka wolankhulayo asanamalize.