Bokosi la amalume pamwamba pa waya

Fungo la majekete onyowa akamauma pa hita limandibwezera ku fulati yathu ya ku Barking, kudziko la azungu, nyengo yozizira imene amalume anga anamwalira kumudzi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi sakanatha kupita chifukwa mapepala awo okhalira m'dzikomo anali adakali ku ofesi ya boma ku Croydon, choncho maliro ndi amene anabwera kwathu. Azimayi a kutchalitchi ankatsika sitima atazizidwa mpaka mphuno, n'kumangira zitenje pakhomo. Mipando tinaikankhira kukhoma, onse anakhala pa kapeti atatambalala. Ntchito yanga inali kulumpha miyendoyo ndi makapu a tiyi.

Kwathu ndi m'malire, kumene munda umayambira ku Malawi n'kuthera ku Zambia. Amalume ankazembetsa shuga pa njinga, monga amuna ambiri a kumeneko. Chaka chimenecho kunamangidwa mpanda wa waya woletsa malonda amenewa, ndipo omangawo anangotsata mzere wawo osafunsa munthu. Nyumba zinatsala mbali ino, manda mbali inayo. Adzukulu athu, amene amakumba manda a banja lathu, nawonso anatsala tsidya. Chipata chinali kutali, ndipo kumeneko ankafuna zilolezo zotenga masiku, pamene kumudzi kunali mvula ndi kutentha. Ena anati amalume angoikidwa kuseri kwa nyumba. Amayi anakana pa foni mpaka mawu anasasa, pakuti kwathu munthu amagona pafupi ndi amake.

Tsiku loika, msuweni wanga Yohane, mwana wa malemuwo, anatiimbira foni ya kanema. Amayi anaitsamiritsa ku botolo la mafuta pa tebulo, tonse tinaunjikana. Panja pathu kumwamba kunali kotuwa ngati phulusa, koma m'kagalasi kaja munali dzuwa ndi chimanga chobiriwira. Kenako ndinauona mpandawo. Unali wautali kuposa munthu atakweza manja, wonyezimira, minga itapotana pamwamba, ndipo unakwera chitunda n'kutsika osaoneka pothera. Ndinaima kukamwa yasa. Sindinkadziwa kuti kumudzi kwa amayi kungakhale chinthu chachikulu chotero.

Anthu anabwera ndi bokosi pa ngolo. Anamasula ng'ombe, n'kukankha ngoloyo chambuyo mpaka inagunda waya. Tsidya linalo adzukulu anachita chimodzimodzi ndi ngolo yawo. Anaponya mphasa ndi matumba pamwamba pa minga, amuna n'kukwera m'ngolo zonse ziwiri. Chapatali panaima mlonda wa mpandawo ndi mfuti paphewa, ndipo m'fulati mwathu aliyense ankayang'ana iyeyo.

Mdzukulu wina wamkulu, wopanda mano akutsogolo, anaitana mlondayo. "Bwana, bwerani mutsegule muone, mwina muli shuga. Munthu uyu timamudziwa."

Adzukulu ndi otero, amaseka maliro ali pomwepo ndipo palibe amawakwiyira. Amayi anaseka misozi ili mbwee. Mlonda uja anavula chisoti, n'kutembenuka kuyang'ana kuphiri.

Bokosi linayamba kukwera. Linachoka m'mapewa kupita m'manja, manja n'kutambasuka mpaka zala, ndipo kwa kanthawi linaima pamwamba penipeni, kumbuyo kwake kuli mtambo wokha. Linapendekeka. Mayi Tembo, namwino wa ku Ilford amene kwawo ndi tsidya lomwelo, anandigwira mkono mpaka kundipweteka. "Osaopa, mwana wanga," anatero. "Bantu ba kwathu sibagwesa munthu." Manja a adzukulu anatulukira pamwamba pa mphasa, analilandira, ndipo linatsika bwinobwino.

Azimayi a mbali zonse ziwiri anayamba nyimbo imodzi, a m'fulati n'kuilandira mochedwerapo pang'ono chifukwa cha netiweki. Achibale sanaoloke. Anatsala atagwira waya, kuyang'ana ngolo ikulowa m'mitengo ya kumanda, Yohane atakweza foni mpaka osaonanso kanthu.

Nyengo yonseyo ndinkayenda modzitukumula. Kusukulu ndinafotokozera aliyense, ngakhale amene sanafunse, kuti anthu a kwathu anagonjetsa mpanda ndi ngolo ziwiri. Ndinkadabwa kuti amayi sankanyadira nane. Nkhaniyo ndikaiyamba, ankangoti ndimalize homuweki.

Nditakula ndinamva kwa Yohane kuti mvula isanathe anawonjezera waya pamwamba, ndipo mudzi unatsegula manda atsopano mbali ino. Adzukulu aja tsopano amakumbira anthu ena. Ine tsiku lija ndinkaona njira ikutseguka. Amayi ankaona mlongo wawo akupita kukagona pafupi ndi amake, ndipo anadziwiratu kuti malo amene anatsala pambali pa manda awiriwo, amene anali a amayiwo, sadzawafikira.